Anemoni wa a Zimba

Ku Dar es Salaam ndinapitako kambilimbili nthawi imene ndinali kugulitsa zitenje pa msika wa Lundazi, koma ulendo umene umandiwawa mpaka lelo ndi uja ndinapita kukagula zinthu zimene ndinali kuzida ndi mtima wanga wonse. Sindinapite kukaoda zitenje kapena nsapato iyayi. Ndinapita kukagula maluwa amoyo a m'nyanja ya mchele, kuti mwina amuna anga angayambenso kudya.

Amuna anga, a Zimba, anali dalaivala wa mathilaki. Zaka zonse zimene anayenda njila ya ku Dar, anzawo anali kubwelako ndi mawailesi, ena ndi akazi achiwili. Anga anabwelako ndi nyanja. Anaika thanki ya galasi m'chipinda chochezela, nathilamo madzi osakaniza ndi mchele wa m'zigubu, osati wathu wa pa msika uwu. Mkati munali miyala, ndipo pa miyalapo panamela tinthu tofewa, tobiliwila ndi tofiila, timene iwo anali kutitchula makorali. Ukationa ungati ndi maluwa, koma ati ndi nyama. Panalinso chimodzi chachikulu cha manja ambilimbili ogwedezeka, dzina lake anemoni, m'mene tinsomba tiwili ta mtundu wa lalanje tinali kubisala ndi kugona. Ine thankiyo ndinali kuitchula mkazi mnzanga. Sola yoyamba pa nyumba pathu inagulidwila iyo, ine ndikuphika pa mbaula mu mdima.

Kenako sitiloko inawagwetsa. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo mau anatsala ochepa, otuluka limodzilimodzi movutikila. Chaka chomwecho malaiti anayamba kupita tsiku lonse, mabatile a sola anali atatopa kale, ndipo pampu ya mu thanki inali kungoima. Makorali anasungunuka. Anemoni anafa, nanunkhitsa nyumba yonse. Tinatsala ndi miyala yotuwa ndi tinsomba tiwili tija, tikuzungulila pamalo opanda kanthu.

Mwana wathu Tiza, amene amakhala ku Lusaka, anatumiza mabatile atsopano, koma a Zimba anali atasiya kale kudya. Phala masupuni awili, basi atembenuza nkhope. Mlongo wawo, NyaZimba, anabwela kuchokela ku Kapichila kudzandithandiza kuwanyamula, ndipo tonse awili tinawanyengelela, tinawakalipila, tinaitana a mpingo. Ku chipatala anati mankhwala alipo, koma munthu wosadya mankhwala samugwila. Pa lamba wa buluku tinaboola bowo lina, kenako linanso.

Tsiku lina masana ndinawapeza akuloza mu thanki ndi dzanja lamanzele.

"Alibe... nyumba," anatelo.

Ndinapsa mtima ndi atate a Tiza amenewa, sindinama. "Awiske Tiza, inu mukutha ndi njala, koma chisoni chanu chili pa nsomba? Chabwino. Ndikakugulilani chinthu chanucho, mudzadya?"

Anangotambasula dzanja, natenga kapu ya phala imene inali itazizila pa tebulo, namwa mpaka pansi. NyaZimba anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana. Pakamwa panga panali patandigwetsa m'mavuto.

Tiza anakafunsa ku shopu ina ku Lusaka kumene amagulitsa zotele. Atanditchulila pa foni mtengo wa anemoni mmodzi, ndinamufunsa ngati amabwela ndi khola lake lomwe, chifukwa ndalama imeneyo kwathu ndi ng'ombe. Koma a Zimba anandikoka chitenje, nandionetsa dzina mu foni yawo yakale. Hamisi. Ameneyu ndi munthu wa ku Dar amene amaweta makorali kuseli kwa nyumba yake, namadula tizidutswa ndi kugulitsa motchipa. Ngakhale kuikapo za basi, kwa Hamisi kunali kotsika kutali. Ndinabweleka kulabokosi la buluu, bokosi losalowa kutentha, kwa mnansi wanga wogulitsa zozizilitsa kukhosi, ndinamanga ulendo.

Popita sindinavutike kwambili, kupatula manyazi. Kuchoka pa boma la Lundazi ndinakwela kamotoka mpaka pa boda ya Lusuntha, njinga yamoto mpaka Jenda, minibasi mpaka Mzuzu, ina mpaka Karonga, kenako Songwe, ndi basi yaikulu ya ku Dar. Paliponse anthu anali kufuna kudziwa chimene mayi wamkulu ngati ine ndanyamulila bokosi lopanda kanthu. Pa Jenda ndinanena zoona, kuti ndikukagulila nsomba nyumba yogonamo. Minibasi yonse inafa nazo nseko, mpaka dalaivala anapukuta misozi. Kuyambila pamenepo ndinaleka kufotokoza, aliyense aganize zake.

Ku Dar ndinafikila kwa mayi wina amene tinali kuodela limodzi zitenje kale, ndipo mmawa Hamisi anadzanditenga yekha. Ine ndinali kuyembekezela shopu ya magalasi onyezimila. Ndinapeza mabeseni akuda ndi mabafa akale pansi pa neti, mapaipi akutulutsa thovu, ndi mwamuna woonda wa ndevu zoyela atavala mapatapata. Nditamuuza za sitiloko anakhala pa chigubu, nagwila kumutu. Ati Mzee Zimba anali kukhala pamenepa tsiku lonse, thilaki ikudikila katundu ku doko, akungoyang'ana m'madzi. Ndinati mumtima, kwathunso anali chimodzimodzi, kungoti kwathu ine ndinali kuima pambali ndi mbale m'manja.

Chiswahili changa ndi cha pa msika, chodziwa kutsitsa mtengo chabe, ndipo tsiku limenelo ndinachigwilitsa ntchito chonse. Zokongola zenizeni, zofiila piliwili, ndinangozidyela maso. Ndinasankha zotchipa, tizidutswa tosaposa chala chachikulu, tomatidwa pa timabatani ta simenti, tina tobiliwila, tina takhofi tooneka ngati bowa. Hamisi anati zimenezo ndizo zolimba, zimapilila ulendo. Anemoni anandisankhila yekha, wamng'ono ngati chitumbuwa, nsonga zake zotupa, akugwedezeka pang'onopang'ono. Ndinaika chala pafupi, anandimata. Aa, chinthu chopanda maso, chopanda mutu, ndiye chandiyendetsa maiko atatu!

Anazilongedza mbandakucha wa tsiku lonyamuka. Chilichonse m'kathumba kake ka pulasitiki, madzi pang'ono, mpweya wa m'botolo lachitsulo, kumanga ndi mphila, kenako manyuzipepala pakatipakati. Anandipatsanso pepala la chilolezo loonetsa pa boda. Ndiye anandigwila dzanja.

"Mama, mvetsetsani. Zisatenthe, zisazizile. Osatsegulatsegula. Mpweya uwu si wa sabata, fikani msanga."

"Ndamva."

"Mukafika, Mzee adziwa chochita. Mukawauze kuti Hamisi akuti adye."

Nkhondo inayambila pa siteshoni. Anyamata olongedza katundu anafuna kuponya bokosi pansi pa basi, pamodzi ndi matumba a anyezi ndi matayala, pafupi ndi injini. Ndinalikhalila. Kondakitala anati m'basi simulowa nsomba. Ndinati si nsomba. Anati nanga ndi chiyani? Ndinasowa dzina loti amve, ndinangoti ndi mankhwala a wodwala, ndipo Mulungu andikhululukile, sindiona kuti ndinanama. Mapeto ake bokosi analilipilitsa mpando wathunthu, mtengo wa munthu wamkulu wa ndevu zake. Ine ndinakhala ku windo kuti ndilitchinge dzuwa.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anayendapo njila ija nthawi yotentha adziwa chimene ndikukamba. Tisanafike Morogoro m'basi munali ngati mu uvuni wa mabanzi. Ndinanyowetsa chitenje ndi madzi anga akumwa, ndinaphimba bokosi, chikauma ndinyowetsanso. Kutsidya kwa kanjila kunakhala mayi wina ndi mwana wamkulu pamiyendo, thukuta likuyenda onse awili. Anayang'ana bokosi langa lili phee pa mpando ngati bwana, anandiyang'ana ine, nayang'ananso bokosi. Maso ake ananena zonse. Pamalo odyela anthu anatsika kukagula tchipisi ndi nyama yootcha, ine ndinatsala m'basi kulondela bwana wanga, ndikudya mabisiketi ouma.

Pa phili la Kitonga tinapeza thilaki itafela pa kona, ndipo mzele wa motoka unali utatsika mpaka m'munsi. Tinaima. Dalaivala anazima injini, kamphepo konse kanathela pomwepo. Anthu anatuluka kukakhala pansi pa mitengo, ena kugula chimanga chootcha, ena kugona pa zitenje. Ine ndinali kupepeza bokosi ndi chikatoni, dzanja likatopa ndisinthe lina, ndikutukwana chamumtima mathilaki onse a pa dziko ndi amene anawapanga. Pamene tinayamba kuyenda dzuwa linali litapendeka, ndipo pofika ku Makambako kunasanduka chisanu cholasa m'mafupa. Ndinakumbukila mau a Hamisi, ndinavula juzi yanga, ndinaveka bokosi. Ine kunjenjemela mano gwegwegwe, bokosi lili mu juzi. Ku Kyela tinafika kutada, ndinagona nalo pa bedi limodzi m'kanyumba ka alendo.

Mmawa pa boda ya Songwe, wa yunifomu anawelenga pepala la Hamisi, nati lili bwino, koma afuna aone ndi maso. Ndinatsegula bokosi mtima uli m'mwamba. Ananyamula kathumba ka anemoni kuloza kuwala, ndipo chinthu chija chinatambasula manja ake pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudzuka. Chamoyo! Makorali obiliwila aja anali atatsegula timaso tawo. Ndinafuna kuimba nthungululu pa boda ya eni. Wa yunifomu anaitana mnzake, mnzake anaitana wina, onse kutulutsa mafoni kujambula.

"Amayi, chimenechi amadya?"

"Iyayi."

"Nanga ntchito yake?"

"Kungochiyang'ana."

Anapukusa mutu, nandibwezela pepala langa mwaulemu, nati ndiyende bwino. Nditangowoloka ndinaimbila NyaZimba. "Amulamu, auzeni kuti anemoni ali moyo, ndadutsa naye." Ndinawamva akufuula m'nyumba, kenako anabwelanso pa foni akupumila m'mwamba. Ati chichokele ine wodwala wathu akudya, dzulo anamaliza mbatata ndi dzila, ndipo lelo wapempha yekha tiyi wa mkaka. Njala yanga ndi kutupa kwa miyendo zinathela pomwepo. Ndinakwela takisi ya ku Karonga ndikumwetulila ndekha ngati wopenga.

Pa depoti ya Karonga ndinalowa minibasi ya ku Mzuzu imene inali kuoneka yodzaza. Ha, ine wamkulu kupusitsidwa ngati sindinayendepo! Theka la anthuwo anali anyamata ongokhalitsidwa kuti motoka ioneke yodzaza, akalowa wolipila mmodzi, mmodzi wa iwo atsika. Injini ikulila, dalaivala akuseweletsa giya, kupita patsogolo pang'ono, kubwelela m'mbuyo, koma geti osatuluka. Ndalama ndinali nditapeleka kale, za ine ndi za bokosi, ndiye kutsika kunalibe. Dzuwa la ku Karonga linakwela, denga la minibasi linayamba kuotcha.

Pafupi nane panakhala mayi wonenepa wa nkhope yoseka, amene anali ndi mabeseni awili a nsomba zaziwisi kumbuyo kwa mpando, zokwilila ndi aisi ndi masaka. "Monile, mama," anatelo. Atamva Chitumbuka changa cha ku Lundazi anakondwa ngati wapeza mbale wake. Anati ndi NyaGondwe, amapita ndi nsomba ku Mzuzu, ndipo ana ake onse waphunzitsa ndi mabeseni omwewo. Anandigawila nthochi zake. Anaona ndikugwilagwila bokosi, ndikunyowetsa chitenje, ndikusuzumila kumwamba.

"Muli vichi umo, mama?"

Ndinali nditatopa kusekedwa. "Za m'madzi, mama. Za wodwala wanga kunyumba. Ndikuopa kutentha uku, zingaonongeke ndisanafike."

Anagwedeza mutu mwachisoni. "Kutentha ndiye mdani wathu ise. Zimenezo ndizidziwa bwino."

Chichokele ku Kyela ndinali ndisanapite kuchimbudzi, ndipo madzi onyowetsela chitenje anali atatha. NyaGondwe anati pitani mama, katundu wanu ndikuyang'anilani, motoka iyi sinyamuka msanga. Kuchimbudzi cholipila ndinapeza mzele, ku golosale mzele wina. Pobwela ndinapeza bokosi lili pamalo pake, chitenje atachiyala bwino kuposa m'mene ine ndinali kuyalila, mbali zonse zopindila mkati. Ndinamuthokoza, iye anangomwetulila. Minibasi inanyamuka dzuwa litadutsa kale pamutu.

Nyanja inali kumanzele njila yonse, anthu amati ndi yokongola, ine sindinaiyang'ane. Tinali kuima paliponse, kutsitsa uyu, kukweza uyo ndi nkhuku zake, ndipo ine ndinali kungowelenga mitunda mumtima. Titayamba kukwela phili la Chiweta injini inasintha kulila. Pa kona ina utsi woyela unatuluka pansi pa mpando wa dalaivala, motoka inatsokomola kawili, basi zii. Kondakitala anadumpha kukaika mwala ku tayala, natenga chigubu, natsetseleka phili kukafuna madzi. Tonse tinatsika. Mthunzi panalibe, anyani okha atakhala pa miyala akutiyang'ana, tala ikutentha mpaka kulowa mu nsapato.

Tinadikila. Motoka zina zinali kudutsa zodzaza, osaima. Ndinaika bokosi pansi pa kachitsamba kopanda masamba, ndinaimilila pamwamba pake kuti mthunzi wanga uliphimbe, ndipo misozi inayamba kutsika yokha. Kufika pano ndithu, nditawoloka nazo zamoyo, zidzandipsele pa phili? NyaGondwe anabwela, nandigwila paphewa akuseka.

"Mama, lekani kusuzgika. Zanu sizingavunde yayi. Pamene munapita kuchimbudzi paja ndinakuikilanimo aisi. Wambili, pansi ndi pamwamba, m'mene timachitila. Ndinachotsa pa beseni langa."

Poyamba sindinamve bwino. Kenako ndinagwada pa miyala, ndinang'amba chitenje chija, ndinatsegula. Manyuzipepala anali chinyowele, aisi woswaswa atadzaza m'mipata yonse, wolongedzedwa mwaluso ndi munthu wodziwa ntchito yake. Timatumba tinali kozizila kowawitsa zala. Makorali anali atatseka, madzi ake atachita mbuu. Anemoni anali atafota, wagona pansi pa kathumba, pakamwa pake pali yasa, zoyelayela zikutuluka.

"Mayo ine! Mwandiphela! Ndani anakutumani?"

Nkhope ya NyaGondwe inagwa. "Mama, asi munati mukuopa kutentha?"

"Izi ndi zamoyo! Si nsomba zakufa izi, ndi zamoyo!"

Anthu anatizungulila. Bambo wina wa tayi anasuzumila m'bokosi, nati, "Koma anthu ena! Mwathandizidwa, m'malo mothokoza mukukalipa. Ndi za m'madzi zanji zokana aisi?" Ena anavomeleza, mtsikana wina anaseka. Ine magazi anali atakwela kumutu, dzanja langa linali litanyamuka kale, ndipo ndikanamumenya mayi uja pamaso pa anyani. Koma maso anga anagwela pa beseni lake, limene anali atalitsitsa pansi. Nsomba za pamwamba zinalibe aisi ngakhale kachidutswa, maso ake atayamba kulowa mkati, ntchentche zikutela. Mayi uyu anavula nsomba zake kuti aveke zanga, munthu amene anandidziwa tsiku lomwelo, ndipo sanafune ndi kutamandidwa komwe.

Ndiye utukwane ndani? Ichi ndicho chimandiwawa mpaka lelo. Akanakhala wakuba ndikanakuwa, akanakhala wankhanza ndikanamutembelela, mtima ukanatsika. Koma iye anagwada pa tala yotentha, thupi lonse lija, akulila, "Phepani mama, phepani chomene, sindinadziwe." Ndinatola aisi wotsala ndi manja anga, ndinakamubwezela pa beseni lake. Kenako ndinatenga timatumba tonse, ndinatilowetsa mu bulauzi pa mimba, ndinamanga chitenje mwamphamvu. Kuzizila kwake kunandiotcha khungu ngati moto. Sindinadziwe ngati kutelo kuthandiza kapena kuononga, koma china chochita ndinalibe.

Kondakitala anabwela ndi madzi dzuwa litafiila, ndipo minibasi inakwela phili mokwawa. Njila yonse mpaka Mzuzu ine ndi NyaGondwe tinakhala phewa ndi phewa osayang'anana. Pa depoti anatulutsa nsomba ziwili zazikulu za pansi pa beseni, zabwino zenizeni, nati mukaphikile wodwala. Ndinakana. Anaima nazo m'manja ndikupita, ndipo mpaka lelo sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Ndinapeza basi yomaliza ya ku Jenda, ndinagona kumeneko chifukwa boda inali itatseka. Foni inalila kangapo, NyaZimba, ine osayankha. Mmawa ndinasuzumila. Anemoni sanasunthe, koma ndinadziuza kuti mwina akugona, ine ndidziwa chiyani za zinthu zimenezi? Mwina akalowa m'madzi a kwawo adzuka. Wa njinga yamoto anamanga bokosi kumbuyo ndi mphila, tinadya fumbi mpaka Lusuntha, ndipo kuchoka apo kamotoka kanandisiya pa boma dzuwa lisanafike pamutu.

NyaZimba anandichingamila pa geti, akuvina.

"Amulamu, mwafika! Foni yanu yatani? Bwelani muone munthu wanu! Dzulo anati timumete ndevu, lelo anati timuveke shati yoyela. Watigwilitsa ntchito ngati akaidi, kusakaniza madzi atsopano, kupukuta galasi, kusuntha miyala. Akuseka, amulamu, munthu akuseka!"

Ndinalowa. A Zimba anali pa mpando wawo pafupi ndi thanki, atametedwa bwino, pachibwano pali kabala ka lezala, shati yoyela ikulendewela m'khosi. Galasi linali mbee, getsi la buluu likuyaka, ndipo pakati anali atakonzetsa mwala wa kadzenje, poti pakhale mlendo. Atandiona mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulila. Anamenya pa bondo ndi dzanja lamanzele, kuti bweletsa kuno.

Ndinagwada, ndinaika bokosi pa mapazi awo, ndinatsegula. Ndinawapatsa kathumba koyamba. Anakakweza kuloza ku windo, anakatembenuza, anakayang'anitsitsa, nakaika pansi. Ndinawapatsa kachiwili. Chimodzimodzi. NyaZimba anasiya kuvina. M'nyumba munangomveka kulila kwa pampu, ine ndikupeleka, iwo akuyang'ana ndi kuika pansi, mpaka m'bokosi munatsala kamodzi. Ka anemoni sanakakweze n'komwe. Analuma mphila ndi mano, nakatsegula, nanunkhiza. Fungo lake linafika mpaka pamene ndinagwada. Anatseka maso.

"Mwina tikamuika m'madzi..." ndinayamba.

Anapukusa mutu, natchinga thanki ndi dzanja. "Kutaya."

"Awiske Tiza, pa Songwe anali moyo. Ndinamuona ndi maso angawa, anatambasula manja. Funsani amulamu, ndinaimba."

Ndinafuna kuwauza zonse, za mpando umene ndinalipila, za juzi, za mayi wa nsomba ndi aisi wake, za khungu la pa mimba panga limene linali likali kuwawa. Koma iwo anatsegula maso, nayang'ana tinsomba tawo, osati ine, ndipo liu linatuluka bwinobwino, losapotoka ngakhale pang'ono.

"Wachedwa."

Ine! Ine amene ndinamudikila mwamuna uyu ukwati wathu wonse, kuphika chakudya n'kuzizila, kubeleka Tiza iye ali pa mzele wa mathilaki ku dziko la eni, ndipo liu limenelo sindinamuuzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinatola timatumba tonse, ndinakataya ku dzenje kuseli, ndinasamba m'manja ndi sopo kawili, fungo osachoka.

Pobwela ndinawapeza akulimbana ndi batani la shati ndi dzanja limodzi. "Ndivule," anatelo. "Kugona."

Tinawanyamula ndi NyaZimba mpaka pa bedi, kenako amulamuwo anathawila ku khichini akupukuta m'maso. Shati ija ndinawavula ndekha, batani limodzilimodzi, nthiti zonse zili poyela. Ndinawafunditsa, ndinakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo yanga yotupa ikugunda. Ku khichini mbale zinalila, kenako NyaZimba anafunsa chapansipansi pa chitseko ngati apakule chakudya.

"Awiske Tiza," ndinatelo, "chakudya chapsa."

Anatembenukila kukhoma, nakoka bulangeti mpaka kumutu. Ndinadikila pang'ono, mwina atembenuka.

"Pakulani mbale ziwili chabe, amulamu," ndinayankha.